Chala cha Apongozi

"Vigubu vitatu, vonse vauma gwa! Kodi manzi yayamba kubwela yeka na miyendo pano panyumba?"

A Nsama anaima pakati pa bwalo, manja ali m'chiuno. Mawu analoza kuchipinda chakuseri, koma nkhope inali kumpanda kuti aneba nawo alandireko gawo lawo. Ku Matero mkangano umene sunamveke nyumba zitatu sauwerengera.

Mpongozi wawo Tiwo anali atakhala pakhomo la chipindacho, mutu atatsamiritsa kukhoma, khanda la masiku khumi ndi awiri lili pabere.

"Bamayo, nayesa kunyamuka," anatero motsitsa mawu. "Nikaimilila chabe, vonse vizungulila. Mtima uthamanga monga nakwela phili. Na magazi yakalibe kuleka."

"Magazi! Nanga wenze kuganiza kuti kubala ni kumwa tiyi? Ine nabala seveni. Uyu Kabaso ninamubala m'mawa, kumazulo nenze pa mbaula kukazinga vitumbuwa. Bakazi ba masiku yano, mwana umozi chabe, bafuna na belu yoitanila wanchito."

Kabaso, mwini mkaziyo, anali pansi pa mtengo wa mapeyala akupukuta nsapato zake za kuntchito. Nsapato zonyamulira matumba a feteleza sizifuna polishi, koma mmawa umenewo anazipukuta mpaka zinayamba kuonetsa nkhope, poti munthu woweramira nsapato safunsidwa maganizo.

"Bashi Luse," Tiwo anamuitana ndi dzina la mwana wawoyo, "nipelekezeni ku kiliniki. Bananiuza kuti nikabwelele pakapita masiku sikisi. Lelo ni twelofu."

Kabaso anakweza mutu, nayang'ana mkazi wake, nayang'ana amayi ake, nabwerera kunsapato.

"Kiliniki ya chani?" a Nsama anamuyankhira. "Kukaimilila pa mzele kuchoka m'mawa mpaka zuba pamutu, dokota ali m'nyumba? Bashi Kabaso! Chokani mumupime uyu munthu, tizibe ngati ni matenda olo ni ulesi."

A Mukupa, bambo ake a Kabaso, sankadikira kuitanidwa kawiri pa nkhani zotere. Anatuluka akumanga mabatani a khoti loyera limene linali litayamba kutengera mtundu wa tiyi, wotchi yaikulu ili padzanja. M'dera lonselo mpaka ku Lilanda ankadziwika kuti ba Dokota. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa chipatala china chachikulu cha m'tauni, ndipo zimenezo zinali zoona. Ntchito yake yeniyeni ndi imene anthu sankafunsa. Kabaso ankaidziwa. Bambo ake ankakankha machira a matayala, kenaka akuluakulu a chipatala anawasamutsira kunyumba ya chisoni, kumene odwala sadandaula ngakhale uwagwire bwanji. Koma mwana wogona m'chipinda cha bambo ake, ndi mkazi yemwe, saulula zoterezi. Ndiponso Kabaso ankadzitonthoza kuti munthu sangakhale zaka zonsezo pafupi ndi madokotala osatolako kanthu.

Chimene a Mukupa anatolako chinali kupima kugunda kwa mtima. Wobwera ndi mutu, wobwera ndi m'mimba, wobwera ndi bondo, aliyense ankayamba wapereka dzanja. Ndipo anthu a ku Matero anali ndi mitima yogwirizana modabwitsa: nkhalamba, ana asukulu, zidakwa, onse ankapezeka ndi seventetuu. Kusiyana kunaoneka tsiku limodzi lokha, pamene a Mukupa anathamangitsidwa ndi galu pobwera kumsika. Tsiku limenelo odwala onse atatu anapezeka ndi mitima yothamanga, ndipo analamulidwa kuchepetsa mchere.

Koma lero panali kavuto. Wodwala anali mpongozi, ndipo mwamuna wolemekezeka sakhudza khungu la mkazi wa mwana wake, ngakhale kumuyang'ana m'maso. A Mukupa anali munthu wa mwambo.

"Bana Kabaso," anaitana akazi awo, "letani chitenge. Pindani kanayi."

A Nsama anapinda chitenje kanayi nachiyala padzanja la Tiwo. A Mukupa anagwada chammbali, nkhope atatembenuzira kumpanda, nakanikiza chala chawo chachikulu pamwamba pa nsaluyo. Maso anali pa wotchi, milomo ikuwerenga. Kuseri kwa mpanda aneba analeka kutsuka mbale.

"Seventetuu," analengeza. "Mtima wa msilikali. Bana Luse, palibe matenda apa. Ni thupi chabe ikali kuzolowela."

"Koma batata, ine nimvela..."

"Wamvela!" a Nsama anawomba m'manja. "Sayansi yakamba. Galu wamkota sakandila pachabe. Manje nyamuka, pompi ya manzi ya pa kona baitseka na teni."

Tiwo anayang'ana mwamuna wake. Kabaso anatulutsa mpweya wautali, ndipo tinene zoona, anakondwa. Seventetuu inamuchotsera ntchito yosankha pakati pa mkazi ndi mayi. Anadzipereka kunyamula zigubu ziwiri, nayenda nazo m'njira akudziona ngati mwamuna wabwino kuposa onse mu Lusaka. Chachitatu anasenza Tiwo.

Sabata yotsatirayo Tiwo anatunga, anachapa, anakazinga zitumbuwa za apongozi zokagulitsa pamsika. Ankayenda akugwira makoma. Kabaso ankachoka mmamawa kukakwera minibasi ya ku mafakitale, nabwera dzuwa litapendeka ali mbuu ndi fumbi la feteleza. Akafunsa kuti kwacha bwanji, amene ankayankha anali amayi ake.

Lachinayi Kabaso anampeza mkazi wake atakhala pansi pafupi ndi beseni, matewera ali m'madzi, akupuma ngati wathamangitsidwa.

"Bashi Luse, nimvela mphepo monga maleliya, koma thupi ipya. Na magazi manje yanunkha. Ikani kwanja apa pachifuba, mumvele mweka."

Kabaso anacheukira kunyumba yaikulu. Zenera la kukhitchini linali lotsegula.

"Ine nizamvela chani? Sindine dokota. Batata banakupima."

"Banapima chitenge."

"Iwe Tiwo, usakambe so, bazamvela. Ufuna bakambe kuti unyoza bapongozi? Shipikisha pang'ono. Bakazi bonse bapitamo."

Shipikisha, ndiko kuti pirira, ndi mawu amene mkazi amapatsidwa tsiku la ukwati pamodzi ndi mapoto. Mapoto amabooka, mawuwo sabooka. Tiwo anaviika manja m'beseni napitiriza kuchapa, ndipo Kabaso anamuthandiza kuyanika matewera awiri asanakasambe.

Lamulungu kunabwera Eneless, mkulu wake wa Tiwo, wogulitsa kapenta ku Chawama. Eneless anali mayi wa thupi lake ndi mawu ake, woti akamatsatsa malonda a mbali ina ya msika amamva mtengo. Analowa pageti ndi sopo ndi shuga m'jumbo, napereka moni mwaulemu kwa eni nyumba, nalunjika kuchipinda chakuseri. Ulemu unathera pakhomo pomwepo.

"Mayo ine! Uyu ni Tiwo olo ni mzukwa wake?"

Anamukokera panja poyera, namutsegula chikope ndi chala, namutembenuza zikhatho. Zonse zinali mbee ngati pepala.

"Balamu, bwelani muone. Munthu wamoyo ankhala so? Mwamupeleka ku kiliniki?"

"Batata banamupima," anatero Kabaso.

"Banamupima na chani?"

A Nsama anali atafika kale, chipande chili m'manja.

"Ba Eneless, mwabwela kuona mwana olo mwabwela kutiweluza? Mlendo ni mame, sachedwa kukamuka. Osaiwala."

"Sinaiwale, bamayo. Koma bakulu bomwewo banakamba kuti mlendo ndiye abwela na kalumo kakuthwa. Uyu mwana alibe magazi. Ine sinapite patali na sukulu, koma nkhuku yodwala niiziba."

"Ni ulesi! Pa nchito azungulila mutu, pa mbale sazungulila."

"Adya chani? Onani mikono iyi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwine wake akamba kuti adwala, imwe mukana pa thupi yamene si yanu?"

Phokosolo linatulutsa a Mukupa, ndipo anatuluka atavala kale khoti, ngati ankadikira kuseri kwa chitseko. Anati kukangana sikuthandiza pamene sayansi ilipo. Chitenje chinapindidwanso kanayi. Nkhope inatembenukiranso kumpanda, chala chachikulu chinakanikizanso pansalu, ndipo Eneless anaonerera pakamwa pali yasa.

"Seventetuu. Monga sabata yatha. Uyu mtima sugwedezeka."

"Batata, munikhululukile," anatero Eneless. "Ine nigulitsa kapenta chabe, koma sikelo yanga siivala chitenge."

Kuseri kwa mpanda wina analephera kudzigwira, naseka. A Mukupa anaimirira pang'onopang'ono, nawongola khoti lawo.

"Mayi, ine nagwila manja ya banthu imwe musanabadwe. Ma pulofesa benze kunipatsa moni na zina. Mau ya bakulu yakoma yakagonela."

"Yakagonela, uyu azagona nayo."

"Basi!" a Nsama anamenyetsa chipande pa chigubu. "Iyi ni nyumba ya Mukupa, si msika wa ku Chawama. Nikambe pamene bonse mumvela. Uyu akachoka pa geti iyi kuyenda ku kiliniki, ndiye kuti wakamba kuti bapongozi bake ni ba boza pamaso pa komboni yonse. Akachoka konko apitilize kwa alangizi bake, bakamuphunzitsenso ulemu. Pano asabwele."

Eneless anatembenukira kwa mlamu wake.

"Balamu, mukazi ni wanu. Kambani."

Maso onse anagwera pa Kabaso, ndipo tsoka lake, nsapato zinali m'nyumba. Anamuona Tiwo bwinobwino tsiku limenelo, milomo yoyera, maso olowa. Ankamukonda mkazi wake, zimenezo musakayike. Koma kuti atsegule pakamwa n'kunena kuti bambo ake, ba Dokota a Matero yense, sadziwa chimene akuchita, lilime linakana.

"Tiyeni tione mailo," anatero. "Ngati sasintha, tizaona vochita."

"Mailo," Eneless anabwereza, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tiwo, tenga mwana tiyende."

"Ba Eneless, yendani chabe," Tiwo anayankha maso ali pansi. "Muzanionongela nyumba. Nizankhala bwino."

Eneless anaika jumbo ija pakhomo namanga chitenje chake. Pageti anacheuka.

"Balamu, chinthu chikachitika, ine pa malilo sinizalila. Nizakamba."

Mawa lija linafika, linapeza Kabaso ali pa minibasi. Linzake linamupezanso pa minibasi. Mmawa uliwonse ankamuyang'ana Tiwo mwachangu n'kudziuza kuti lero akuoneka bwinoko, monga amachitira munthu ndi denga lodontha nthawi ya dzuwa.

Lachitatu mmawa, dzuwa litakwera kale, thumba lili paphewa, foni inalira. Anali mayi wina wa pafupi ndi pompi.

"Bashi Luse, bwelani manje manje. Bakazi banu bagwa."

Anapeza anthu atazungulira pa kona paja. Chigubu chinali chitagubuduzika, madzi atapanga matope. Tiwo anali atamugoneka pamthunzi wa khoma, maso otseka. Pambali pake panagwada a Mukupa, khoti lili pathupi, mabatani olakwika, akupuma mwawefuwefu chifukwa anachita kuthamanga kuchokera kunyumba. Chitenje chopinda kanayi chinali pamalo pake.

"Nainte," anauza khamulo. "Wakwela pang'ono, ni zuba iyi. Mugulileni chakumwa cha shuga na mapilisi ya mutu. Banthu, patukani apite mphepo."

Kabaso anagwada mbali inayo. Amayi awiri anali atamufunditsa Tiwo nsalu m'miyendo, ndipo pamene mmodzi anasuntha, Kabaso anaona chimene ankabisa. Chitenje cha mkazi wake chinali chitanyowa magazi mpaka kuzidendene. Anamugwira dzanja. Linali lozizira, lonyowa thukuta, ndipo silinamugwire. Mantha anamugwira Kabaso, mantha enieni, oposa oopa amayi ake.

Pafupi panali wilibala ya wogulitsa makala. Sanapemphe. Anakhuthula makalawo pansi, nayalamo jekete lake, namunyamula Tiwo.

"Iwe Kabaso, umupeleka kuti?" a Nsama anafuula, khanda lili kumsana. "Batate bako bakamba kuti ni zuba!"

Kabaso anangokankha. A Mukupa anaona kuti anthu onse akutsatira wilibala, ndipo dokotala satsalira m'mbuyo mwa odwala ake.

"Ni bwino," anatero akuthamangira kutsogolo. "Nizakamba na banzanga ba nchito."

Pa kiliniki mzere unali utafika mpaka panja, koma namwino atangoona magazi anatsegula njira. Anamugoneka Tiwo pabedi m'kachipinda. Analowa dokotala, mayi wamfupi wovala mpango wophimba mutu, dzina lake lili pachifuwa: Thuwaiba. Sanapereke moni kwa aliyense. Anatenga dzanja la Tiwo, lopanda nsalu, nalitembenuza chikhatho kumwamba, naika nsonga za zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu. Anadikira. Anasuntha zalazo pang'ono, nadikiranso, nkhope ikukwinyika. Kenaka anazisamutsira pambali pa khosi, maso ali pa kawotchi kolendewera pachifuwa chake. Mphindi imeneyo inamutalikira Kabaso kuposa ulendo wonse wa wilibala.

"Mayi, munimvela? Munabala liti?"

"Masabata yatatu yapita," a Mukupa anayankha ali pakhomo. "Nolomo delivale, anabala bwino bwino. Ine ndine..."

"Nafunsa odwala, tate."

Tiwo anatsegula maso pang'ono. Mawu ankachita kutuluka ngati akuchokera m'chitsime.

"Masiku twente-fili."

"Magazi yanayamba liti?"

"Siyanaleke."

"Thupi kupya?"

"Sabata na hafu."

A Thuwaiba anatembenukira kwa namwino, ndipo mawu awo anasintha, anakhala achangu.

"Handiledi sate-sikisi. Pa kwanja nachita kusakila, uli monga ulusi. Dilipu manja yonse yabili, itanani ambulansi, muuze ku chipatala bakonze magazi."

Kachipindako kanadzaza ndi kuthamanga. Singano zinalowa, matumba a madzi anakolekedwa, bedi analikweza kumiyendo. Kabaso anadzipanikiza kukhoma kuti asatsekereze njira. Zonse zitakhala m'malo, a Thuwaiba anamuyang'ana nalongosola mwachidule.

"Magazi yakachepa m'thupi, mtima uthamanga kuti yochepa yamene yasala yafike ponse. Uyu mtima wankhala uthamanga masiku yambili. Watopa."

A Mukupa anatsokomola. Pakhomo panali patasonkhana anthu a pamzere, ena a iwo odwala awo akale, ndipo nambala imene inatchulidwa inali yosiyana kwambiri ndi yawo.

"Madamu, na ulemu wonse, penapake mwaphonya. Ine nili na zaka twente-sikisi mu chipatala. Uyu munthu namupima katatu. Seventetuu, seventetuu, lelo nainte."

A Thuwaiba anayang'ana khoti lija, nayang'ana wotchi yawo. Ambulansi inali isanafike.

"Munapima bwanji, tate? Nionetseni."

"Nipatseni chitenge. Uyu ni mupongozi wanga, siningamugwile pa thupi. Ise tili na mwambo."

A Nsama anapereka chitenje monyadira, chopindapinda kale. A Mukupa anafika pambali pa bedi, natembenuzira nkhope kukhoma monga mwa ulemu wawo, natambasula dzanja chala chachikulu chili patsogolo. A Thuwaiba anatenga thumba la dilipu losatsegula limene linali pabedipo, naliphimba ndi chitenjecho, nalondolera chala cha mkuluyo pamwamba pake. A Mukupa anakanikiza. Milomo inayamba kuwerenga.

"Eite-eiti," analengeza mokweza kuti a pakhomo amve. "Mwaona? Watsika. Nolomo."

"Tembenukani, tate."

Anatembenuka. A Thuwaiba anachotsa chitenje.

Woyamba kuseka anali mayi wokolopa, amene anachita kutsamira mopu. Kenaka a pakhomo, kenaka a pamzere amene sanaone kanthu koma anauzidwa. Bambo wina amene analeka mchere chaka chathunthu anangoti, "Shuwa?" A Mukupa anatsala akuyang'ana thumba la madzi ngati lawapereka kwa adani.

A Thuwaiba sanaseke.

"Chala chikulu chili na mtsempha wake. Mukakanikiza nacho, mumvela mtima wanu. Ndiye chifukwa tipima na ivi vibili, pa khungu, osati pa nsalu. Zaka zonse izi mwenze kuzipima mweka, tate. Ndipo nikuuzeni, muli bwino maningi."

Kenaka anatembenukira kwa Kabaso.

"Ndimwe bamuna bake?"

"Ndine."

"Sanakuuzeni kuti adwala?"

"Ananiuza."

"Liti?"

"Masiku yonse."

Anadikira kuti amukalipire, ndipo akanakonda kukalipiridwa. Koma a Thuwaiba anangomuyang'ana kamphindi, nabwezera zala zawo pakhosi pa Tiwo. Manyazi amene anamugwira Kabaso pamenepo sanawamvepo chibadwire. Panja ambulansi inalira.

Kuchipatala anapeza kuti zotsalira za pobereka zinali zitaolera m'chiberekero. Madokotala anayesa kuyeretsa, magazi osaleka. Kuti apulumutse moyo anachotsa chiberekerocho. Tiwo, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, anatsala ndi moyo wake ndi Luse, ndipo anauzidwa kuti sadzaberekanso. Eneless anafika tsiku lomwelo, namasula khanda kumsana kwa a Nsama, ndipo palibe anayerekeza kumuletsa.

Ku Matero khoti loyera linakhala pa msomali masiku awiri. Tsiku lachitatu Kabaso pobwera kuntchito anamva mawu a bambo ake pansi pa mtengo wa mapeyala, akuuza mayi wina wa bondo lotupa.

"Ndine ninamutumiza ku chipatala. Ninangoona so, nati iyi kesi ni ya opaleshoni. Nikanachedwa ola imozi, sembe tikamba vina. Letani kwanja."

Mayiyo anapereka dzanja. Anthu a mzere wa pa kiliniki anali ataifalitsa nkhani ya dilipu, koma pa ba Dokota panalibe mzere, ndipo bondo silidikira.

A Nsama nawo anali ndi chisoni chawo, ndipo anachinena akupeta mpunga.

"Manje zina ya Mukupa izapitilila na ndani? Mwana umozi, mukazi futi. Iwe Kabaso ukali mnyamata, uganizepo bwino. Nyumba siimilila na mwendo umozi."

"Bamayo, lekani," anatero Kabaso. Anali mawu aukali kwambiri amene anawauzapo amayi ake, ndipo anawanena iwo atalowa kale m'khitchini.

Komabe Kabaso anatsimikiza kusintha. Anapempha namwino wina wa m'wodi kuti amuphunzitse kupima, ndipo anaphunzira ndi mtima wonse: zala ziwiri, pakhungu, osakanikiza kwambiri, kuwerenga mphindi yathunthu. Anayeserera pa anzake onse a kuntchito nthawi yopuma, mpaka kapitawo. Tsiku lachisanu ndi chitatu, nthawi yoona odwala masana, analowa m'wodi ndi malalanje ndi botolo la maheu, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba.

Tiwo anali atakhala tsonga pabedi, akuyamwitsa. Milomo inali itayamba kubwerera mtundu wake. Eneless anali kumiyendo kwa bedi akupinda zovala n'kumaziika m'chikwama, ndipo moni wa mlamu wake anauyankha ndi mphuno.

"Nipatse kwanja," anatero Kabaso. "Uone vamene naphunzila."

Tiwo anamupatsa. Kabaso anaika foni pabondo, natembenuza chikhatho cha mkazi wake, napeza malo ake bwinobwino. Anaumva mtsempha ukugunda pansi pa zala zake, phaa, phaa, phaa, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Anawerenga mphindi yonse osaphonya.

"Eite-fo. Ba nesi bakamba kuti kuchoka pa sikisite kufika handiledi ni bwino. Wachila, Tiwo. Bakakutulutsa mailo tiyenda kunyumba. Nizayamba kukupima neka m'mawa uliwonse nisanayende ku nchito. Sivizachitika futi."

Tiwo anamulola kuti amalize. Anasamutsira mwana kubere linalo, namukonza kachipewa.

"Mwapima bwino, bashi Luse. Mwaphunzila."

"Nayesa maningi."

"Manje ine mwanifunsa?"

Kabaso anayang'ana foni ija pabondo.

"Kuchokela pamene mwalowa, mwakamba na kwanja yanga. Batate banu naonso benze kukamba na kwanja yanga. Masabata yatatu nenze kukuuzani na pakamwa, mu Chinyanja, chamene mumvela. Sivenze kufuna wotchi."

Eneless analeka kupinda. Mayi wa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma, kuchita ngati wagona. Kabaso anaona kuti zala zake zikadali pamkono wa mkazi wake, ndipo anazichotsa. Mawu anatuluka movutikira, ngati a chinenero chachilendo.

"Umvela bwanji, Tiwo?"

Tiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Munalibe ukali m'maso mwake, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa Kabaso.

"Nimvela kuwawa pa chilonda. Nimvela chisoni, chifukwa nenze kufuna bana banayi. Na ku Matero sinibwelela. Mailo niyenda ku Chawama na mwana wanga."

"Koma Tiwo, nyumba yathu..."

"Mwafunsa, nayankha. Manje tione ngati muzamvela."

Belu lotulutsa alendo linalira. Eneless anatseka zipi ya chikwama nachiika pansi pa bedi, mbali yakutali ndi mlamu wake.